Nyali zaluso za polandirira alendo zazima theka: tikonze galasi kapena tiike LED?

Nthanda
Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndimayang'anira nyumba ya maofesi ya nsanjika 12. Polandirira alendo pali ntchito yaluso ya nyali za neon imene inaikidwa mu 1987, nyumbayo itangomangidwa. Ndi machubu agalasi 48 opindikapindika, ofiira, abuluu ndi apinki, ndipo akwera khoma mpaka nsanjika yachiwiri. Akale amati kuwala kwake kunkayenda ngati funde, kuchokera kuchitseko kulowera kumalifiti. Ine chibwerereni zaka 6 zapitazo fundelo sindinalionepo. Pano mbali yonse yakumanja yazima, machubu ena akungophethira, ndipo sabata yatha mlonda anamva fungo la waya wopsa, ndiye ndinalamula kuti tizimitse zonse.

Eni nyumba akufuna kukonzanso malowo. Kontrakitala akuti tichotse magalasiwo, tiike zingwe za LED zopindika zija zooneka ngati neon, atsatira mapindidwe omwewo ndipo palibe amene adzazindikire. Abwana avomera kale. Ine mtima ukukana, koma ndilibe mawu oti ndikanene pamsonkhano wa Lachisanu. Mwini lusoli anamwalira kalekale. Alipo amene anakumanapo ndi zotere?

Mphezi
Mwachita bwino kuzimitsa, mayi. Musayatsenso, ndipo pa swichi yake muikepo loko kuti wina asayatse mosadziwa. Thiransifoma ya neon imatha kutulutsa ma volt 15,000. Waya wake akakalamba chikopa chimang'aluka, moto n'kumadumphira pachitsulo kapena pathabwa, ndiye fungo mwamvalo.

Koma mbali yazimayo isakutayitseni mtima. Machubu a neon amalumikizidwa mondondozana, angapo pa thiransifoma imodzi. Chimodzi chikang'aluka, anzake onse a mzere umenewo amazima nawo. Machubu 20 akazima sindiye kuti onse 20 afa. Mwina afa atatu, mwina vuto ndi mathiransifoma awiri okha. Kontrakitala wanuyo anayeza chubu chimodzichimodzi?

Nthanda
Sanayeze, a Mphezi. Anangoyang'ana ali chiimire pansi.

Mphezi
Ndiye sanaone kanthu.

Chiwalitsiro
Ine ndiima ndi kontrakitalayo, ndipo ndinena chifukwa chake. Zingwe za LED zimayendera ma volt 12 kapena 24, mwana akhoza kuzigwira osamuchita kanthu. Sizisweka, sizitentha ngati thiransifoma yakale, magetsi zimadya ochepa, ndipo zikavuta wamagetsi aliyense akonza. Galasi likasweka mudzasaka mmisiri miyezi. Komanso machubu abuluu ndi apinkiwo muli mercury, chitsulo chamadzimadzi chapoizoni, zimenezo musaiwale.

Ndipo musamaone ngati LED ndi chipongwe kwa luso. Ku Los Angeles kuli ntchito ya Chris Burden yotchedwa Urban Light, mizati 202 ya nyali zakale za mumsewu, kutsogolo kwa myuziyamu ya LACMA. Inaikidwa mu 2008, ndipo mu 2018 mababu ake onse anasinthidwa n'kuika a LED. Anthu akujambulitsabe pamenepo tsiku lililonse. Ngati myuziyamu yaikulu choncho inatero, nyumba ya maofesi ingalephere bwanji?

WopindaGalasi
A Chiwalitsiro, ndapinda galasi zaka zoposa 30, ndiye mundilole ndikutsutseni pa mawu amodzi a kontrakitala, akuti palibe adzazindikire. Adzazindikira.

Chubu cha neon chimawala mbali zonse, kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo komwe. Kuwala kwa kumbuyoko kumagwera pakhoma n'kulipaka mtundu, ndiye munthu amaona mzere wowala ndi mthunzi wake wofiira kapena wabuluu utafalikira. Chingwe cha LED chimawalira kutsogolo kokha, kumbuyo kwake kuli pulasitiki. Khoma limakhala lakuda bii. Kachiwiri, kufiira kwa neon sikupakidwa. Ndi mpweya weniweniwo ukuyaka m'galasi loonekera mkati, ngati khala lamoto lotalika. Ukayandikira umaona kuti pakati pawala kwambiri, m'mphepete mwa galasi muli mbee. LED imatha kuyandikira mtunduwo, koma maonekedwe a moto woyandama m'galasi ilibe. Ndipo masana, nyali zitazima, chimatsala pakhoma n'chiyani? Uku galasi lopindidwa ndi manja, uku chingwe choyera cha pulasitiki. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chiwalitsiro
Akulu, ndinu wopinda galasi, simunganene zina.

WopindaGalasi
Zoona, ndi ntchito yanga. Koma tengani chidutswa cha chingwe chanucho, muchiyatse pafupi ndi chubu chimodzi chamoyo pakhoma lomwelo madzulo, muitane abwanawo. Maso awo aweruze, ine ndikhala chete.

Msungi
Ntchito yanga ndi yosamala zinthu zaluso m'myuziyamu, ndiye ndilankhulapo motalikirapo pang'ono.

A Chiwalitsiro sananame za Urban Light, koma taonani chimene chinasinthidwa. Luso la Burden lili m'mizati yachitsulo ija ndi magalasi ake ozungulira, ndi momwe anaindandalitsira. Babu limabisika mkati. Anasintha chobisikacho, ndipo anayesetsa kuti kuwala kwa mababu atsopano kufanane ndi kwakale. Tsono tengani Dan Flavin, amene kuyambira 1963 ankapanga ntchito zake ndi machubu a fluorescent, nyali zazitali zija za m'maofesi, ogula m'sitolo wamba. Pamenepo chubucho ndiye ntchito yeniyeniyo, palibe china choti munthu ayang'ane. Iye anamwalira mu 1996, ndipo mafakitale atasiya kupanga mitundu ina, osamala ntchito zake anachita kuitanitsa machubu opangidwa mwapadera kuti mtundu usasinthe. Vutoli likukula chifukwa mayiko a European Union analetsa machubu ambiri a fluorescent kulowa pamsika kuyambira mu 2023, nkhani yake ndi mercury yemweyo.

Ndiye funso si lakuti LED ndi yabwino kapena yoipa ayi. Funso ndi lakuti pa ntchito yanuyi, luso lili pati? Malinga ndi momwe mwafotokozera, mayi Nthanda, galasi lili poyera, ndipo ndi lomwe munthu amaliyang'ana. Yanu ili mbali ya Flavin.

Izi sizikutanthauza kuti chilichonse chakale n'chosakhudzika. Mathiransifoma, mawaya, timiyendo togwira machubu, zonsezo zisinthidwe popanda kudandaula, chifukwa mwini luso sanaziike kuti anthu aziziona. Ngakhale chubu chenichenicho chikafa chimapangidwanso. Ntchito za neon za Bruce Nauman kawirikawiri zimaonetsedwa ndi machubu opangidwanso motsatira mapulani ake. Neon yaikulu imene Lucio Fontana anapachika kudenga pa chionetsero cha Triennale ku Milan mu 1951, pafupifupi mamita 100 a chubu, imene anthu amaiona lero ku Museo del Novecento ndi yopangidwanso. Koma onsewa anapanganso ndi galasi ndi mpweya, osati ndi chinthu china chongofanana nazo patali.

Lachisanu lisanafike chitani izi. Jambulani khoma lonse, kenako chubu chilichonse pachokha, pafupi ndi tepi yoyezera. Chilichonse chipatseni nambala. Pasachotsedwe kanthu nambala isanalembedwe. Ndipo chimene chachotsedwa, ngakhale chosweka, chisatayidwe. Chidutswa cha galasi ngati chala chimakwana kuti mmisiri adziwe kukula kwa chubu ndi mtundu wa ufa wopakidwa mkati. Kenako fufuzani mapepala: mgwirizano umene kampani inasainirana ndi mwini luso, zithunzi za tsiku lotsegulira nyumba, makalata akale a kampani. Funsaninso alonda ndi osesa amene anapuma ntchito. Anthu amenewo ndi amene anaiona ikuyenda usiku ndi usiku, kuposa bwana aliyense.

MlondaWausiku
Mawu omalizawo andikhudza, a Msungi. Ndinalondera nyumba ina zaka 11. Inali ndi nyali zotere kudenga la polandirira alendo, mizere yobiriwira ndi yoyera imene inkayaka motsatizana. Usiku ukakhala wekha m'nyumba yaikulu, chinthu choterocho chimasanduka mnzako. Ndinkadziwa kuti mzere wachitatu ukayaka, woyamba uzima nditawerenga kufika pa 7. Nyumbayo itagulitsidwa, eni atsopano anabwera ndi anthu Loweruka. Ndinafika madzulo ndikupeza magalasi ali phwanyikephwanyike m'chibini chachikulu panja. Palibe anatifunsa, palibe ngakhale anajambula. Ndinatola kachidutswa kamodzi kopindika, ndikusungabe mpaka lero. Mayi Nthanda, limbani mtima Lachisanulo.

Nthanda
Zikomo bambo. Mwandikumbutsa kuti kuno kunali mlonda wina amene anapuma chaka chatha, anayamba ntchito nyumbayi ili yatsopano. Ndiwaimbira mawa.

Wamasamu
Ndifunse zimene ena akuopa kufunsa. Nyumba ya maofesi si myuziyamu. Ndalama zokonzera galasi, kumanga nsanja yokwererapo, kuitana mmisiri wa kutali, zichokera kuti? Zichokera kwa ochita lendi, kapena zidulidwa pa zina. Ndaonapo makampani akukongoletsa polandirira alendo pamene osesa pansi pomwepo sanakwezedwe malipiro zaka zitatu. Nyalizi zikuwalira ndani?

Tsinde
A Wamasamu, za malipirozo ndikugwirizana nanu kotheratu. Koma ndalama zimene angapulumutse poika LED mukuganiza kuti zipita kwa osesa? Sizipita. Ndipo polandirira alendo ndi malo okhawo m'nyumba yotere amene aliyense amalowa: wobweretsa makalata, wofuna ntchito, mwana wodikira mayi ake. Zithunzi zodula zili m'maofesi a mabwana kumwamba, kumene ife sitifikako. Ichi chokha ndi chimene anaika poti tonse tione.

Wamasamu
Anaika kuti kampani itchuke, osati chifukwa chokonda wobweretsa makalata.

Tsinde
Mwina. Koma wobweretsa makalatayo amaionabe, kaya anaiika ndi mtima wotani.

Kachipu
Ine ndimasesa maofesi usiku kuti ndilipire sukulu ya zamagetsi, ndiye nkhani ya malipiroyi ikundikhudza kuposa nonse. Tidzaitsegulire mutu wakewake, ndili ndi zambiri zoti ndinene. Koma pano pali chinthu chimene palibe wachitchula, ndipo ndi chimene chingatayike msanga kuposa galasi: fundelo.

Mayi Nthanda, ngati kuwala kunkayenda, penapake pali bokosi lolamulira. Yang'anani m'siling'i pafupi ndi mathiransifoma, kapena m'kachipinda ka magetsi kuseri kwa khomalo. Likhoza kukhala la mota yaing'ono yozunguza timagudumu togunda maswichi. Koma poti ndi 1987, mwina muli bolodi yokhala ndi kachipu kotchedwa EPROM, kakuda, kotalika, kokhala ndi kapepala komata pamwamba. Kapepalako musakamatule. Pansi pake pali kawindo kagalasi, ndipo kuwala kwa ultraviolet kukalowa pamenepo kumafufuta zonse zolembedwa mkati. Mmenemo ndi mmene muli dongosolo lonse: chubu chiti chiyambe, chidikire nthawi yaitali bwanji, chizime liti. Tichipu totere timaiwala tokha tikakalamba, ndiye pezani munthu wokhala ndi makina owerengera akope zomwe zilimo, musunge m'malo atatu osiyana. Bolodiyo ikhoza kufa, tipanga ina. Koma dongosololo likatayika, tidzangopeka, ndipo funde lopeka ndi lathu, si la mwini wake.

Msungi
A Kachipu anena chinthu chachikulu kuposa zonse ndinalemba ine. Pa ntchito yoyenda, kayendedweko ndi gawo la luso mofanana ndi mtundu. Ndi ngati nyimbo: mukhoza kusintha zingwe za gitala, koma simungasinthe kayimbidwe n'kumati ndi nyimbo yomweyo.

Chiwalitsiro
Chabwino, za khoma lakumbuyo ndamva, ndipo kuyesa kwa akulu aja n'kwachilungamo. Koma za mercury palibe wandiyankha.

WopindaGalasi
Ndiyankhe. Ofiira aja, ngati galasi lake ndi loonekera mkati, muli neon yekha, mulibe mercury. Amenewo ndi olimba zedi, ndaonapo ena akuyakabe patatha zaka 40. Abuluu muli mpweya wa argon ndi kadontho ka mercury. Apinki zimatengera: ena ndi neon m'chubu chopakidwa ufa mkati, ena ndi argon ndi mercury. Chubu chikakhala chathunthu, kadonthoko katsekeredwa, sikakhudza munthu. Ngozi ili pochiswa, ndipo ili makamaka kwa ife amene timachitenthetsa pamoto. N'chifukwa chake amisiri ambiri, ine ndemwe, chubu chakale cha mercury sitichitsegula, timapinda chatsopano. Chakalecho chimapita kwa otaya zinthu zapoizoni, osati m'bini.

Tsono onani apa, a Chiwalitsiro. Njira yotulutsira mercury yense nthawi imodzi ndi ija anafotokoza a MlondaWausiku, yophwanyira zonse m'chibini Loweruka.

Mphezi
Ndiwonjezere za mathiransifoma, poti a Msungi ati asinthidwe popanda kudandaula. Asinthidwe ndithu, koma mosankha. Akale aja ndi olemera, a chitsulo ndi koyilo, amalira pang'ono ngati njuchi. Atsopano a electronic ndi opepuka ndi osalira, koma ena amapangitsa kuti mu chubu chofiira muoneke timikanda toyenda m'malo mwa mzere wosalala, ndipo mu chabuluu mercury amatha kusamukira mbali imodzi, mbali inayo n'kuchita mdima. Komanso si onse amene amalola kuyatsidwa ndi kuzimitsidwa pafupipafupi ngati mmene fundelo lifunira. Yesani imodzi pa mzere umodzi kwa masabata angapo musanagule zonse. Muonenso ma milliamp, muyezo wa magetsi amene imatulutsa, olembedwa pa yakaleyo, nthawi zambiri ndi 30 kapena 60. Mukaika ya 60 pamene panali ya 30, machubu awala mopitirira n'kutentha, sachedwa kufa. Ndipo yatsopanoyo ikhale yodzizimitsa yokha moto ukadumphira kumene sukuyenera. Ainshuwalansi adzafunsa zimenezo.

Tsinde
Kulira kuja ine ndimakukonda. Kodi si gawo la ntchitoyo nakonso?

Msungi
Funso limenelo timakangana nalo ngakhale ife. Ena amati inde. Ine ndimati ngati mwini luso anabisa mathiransifoma m'siling'i, sanafune kuti amveke.

Mlangizi_J
Pa za malamulo, mayi Nthanda, uzani abwana anu kuti kugula ntchito yaluso sikupatsa munthu ufulu wonse pa iyo. Pangano la Berne, limene mayiko ambiri anasaina, pa ndime 6bis limati mwini luso ali ndi ufulu wotchulidwa dzina komanso wokana kuti ntchito yake isinthidwe mwa njira yomuchotsera ulemu, ngakhale ataigulitsa. Momwe ufuluwu umagwirira ntchito munthu akamwalira zimasiyana dziko ndi dziko. Ku France sutha, umapitirira kwa olowa m'malo. Ku America lamulo la 1990 lotchedwa VARA limateteza ntchito zatsopano mwini wake ali moyo basi. Ndiye loya wa kampani aone lamulo la kwanuko ndi mgwirizano wa 1987.

Koma ngakhale lamulo litalola, pali ichi. Mukachotsa galasi n'kuika chingwe, kachikwangwani ka dzina la mwini luso kali pakhomapo mudzakasiya? Mukakasiya mukunamiza anthu. Mukakachotsa, kampani yataya ntchito yaluso n'kutsala ndi zokongoletsa wamba. A Wamasamu adziwa kuti m'mabuku a kampani zinthu ziwirizi sizilembedwa mofanana. Ndipo fufuzani abale ake. Safunsa anadya phula.

Wamasamu
Mfundo imeneyo ndi yomveka, ndipo ndi imene abwana angaimve msanga kuposa za mthunzi wa pakhoma. Koma ndibwereza zanga mwa njira ina. Kukonza kamodzi n'kosavuta kupempha, chifukwa pamakhala mwambo woyatsa, zithunzi, manja. Chovuta ndi ndalama ya chaka ndi chaka yopukuta fumbi, kuyang'ana mawaya, kusintha chubu chimodzi. Ngati imeneyo siilowa mu bajeti, pakatha zaka 10 mudzabweranso pano ndi funso lomweli.

Msungi
Apa ndiye tagwirizana, a Wamasamu. Ku Toronto, pa siteshoni ya sitima ya Yorkdale, Michael Hayden anaika ntchito ya neon yotchedwa Arc en Ciel mu 1978, imene inkayaka sitima ikamalowa. Madzi anadontha n'kuwononga mathiransifoma, sanakonzedwe, ndipo m'zaka za m'ma 1990 ntchito yonse inachotsedwa. Munthu yemweyo anapanga Sky's the Limit pa bwalo la ndege la O'Hare ku Chicago mu 1987, chaka chimodzi ndi yanuyi, ndipo apaulendo ayenda pansi pake zaka zonsezi chifukwa ikusamalidwa.

LED nayonso si yamuyaya. The Bay Lights ya Leo Villareal pa mlatho wa ku San Francisco, nyali 25,000, inayatsidwa mu 2013, inaikidwanso mu 2016, ndipo mu March 2023 inazimitsidwa itawonongeka ndi mphepo ndi chinyezi. Inde pamlatho si m'nyumba, koma mfundo yanga ndi yakuti chilichonse chowala chimafuna wochiyang'anira.

Pali njira zinanso zapakati. Ku Gwacheon ku South Korea kuli nsanja ya Nam June Paik ya ma TV 1,003, ya mu 1988. Inazimitsidwa mu 2018 poopa moto. Anakonza ma TV akale ochuluka momwe akanathera, 266 okha amene anakanika ndi amene anawaika magalasi a LCD, ndipo anaiyatsanso mu 2022, koma maola ochepa okha. Kuchepetsa maola ndi njira imene inunso mungatenge. Ndipo zikavutitsitsa, eni nyumba akakaniratu, musalole chibini. Mu 1959 kampani ya Clairol inaitanitsa kwa Thomas Wilfred ntchito ya kuwala yotchedwa Study in Depth, ya polandirira alendo ku ofesi yawo ku New York. Lero ili ku myuziyamu ya Hirshhorn ku Washington. Kupereka kwa osunga kuposa kuphwanya.

Nthanda
Ndabwera ndi nkhani, pepani ndinasowa masiku atatu. Ndinaitana wamagetsi wodziwa neon, anakwera n'kuyeza chimodzichimodzi. A Mphezi munalondola. Pa machubu 48, akufa ndi 7 okha: apinki 4, abuluu 2, ofiira 1 chimene chinang'aluka, mwina ndi makwerero a opaka penti. Mathiransifoma alipo 8, atatu apsa, ndipo mawaya onse ndi otha. Bokosi lija talipeza m'siling'i, a Kachipu, ndipo kachipu kali momwemo ndi kapepala kake. Sitinakakhudze.

Bambo anapuma aja anabwera okha, sanafune za pafoni. Anaima pakati pa chipinda n'kuyamba kuloza ndi dzanja, kuti limayamba pansi kuchitseko, abuluu kaye, kenako apinki, ofiira n'kumalizira pamwamba, zonse n'kuyaka pamodzi kanthawi, n'kuzima, n'kuyambiranso. Ndinawajambula vidiyo akufotokoza. Ndi iwonso anandilozera kachipinda ka pansi kumene kunali mpukutu wa mapepala aakulu. Ndi mapulani a machubu, koma alipo 31 okha, ndipo onse anajambulidwa chobwerera. Kodi ndi olakwika?

Lachisanu tinayesa zija ananena akulu, chingwe cha LED pafupi ndi chubu chofiira. Abwana anayang'ana nthawi yaitali osalankhula, kenako anati galasi likhale. Koma ndalama ya chaka ndi chaka sanavomere, akuti tidzaona.

WopindaGalasi
Si olakwika, mayi, ndiye enieniwo. Ife timapinda galasi chakumbuyo, chubu chitagona papepala, kuti zopindira ndi mapeto ake zikhale kuseri. N'chifukwa chake pulani imajambulidwa chobwerera. Mapepala amenewo asungeni mowongoka, pamalo ouma, ndipo muwajambule ndi makina kukula kwake komweko. Machubu 17 opanda pulaniwo, akamatsitsidwa kuti mawaya asinthidwe, agonekeni papepala mulembe mozungulira. Mukatero muli ndi 48 yonse.

Chimene chikudetsa nkhawa ine ndi apinkiwo. Ufa wa mkati umakalamba, umazilala. Pinki watsopano pafupi ndi wa zaka zoposa 35 adzaoneka ngati chigamba chatsopano pa nsalu yakale. Ndiponso mitundu ina ya nthawi imeneyo mafakitale anasiya kupanga. Apinki onse alipo angati?

Nthanda
Alipo 14, akufa 4.

WopindaGalasi
Ine ndikanapinda onse 14 atsopano kuchokera pa mtolo umodzi wa galasi, kuti afanane. Amoyo 10 aja asungidwe m'bokosi.

Msungi
Apa ndisiyana nanu, akulu. Machubu 10 amenewo ndi amene mwini luso anawaona ndi maso ake n'kuvomereza. Akuyakabe. Kuwatsitsa chifukwa choti atsopano akuwala kwambiri n'kulanga wosalakwa. Ine ndikanasaka pinki woyandikira momwe angathere, n'kusintha 4 okhawo.

WopindaGalasi
Anawaona ali atsopano, a Msungi. Pinki amene anavomereza si amene ali pakhomapo lero. Inu mukusunga galasi lake, ine ndikufuna kubweza mtundu wake.

Msungi
Ndipo mtundu wakewo tiudziwa bwanji? Zithunzi za 1987 nazonso zinasintha mtundu, ndipo filimu sinkagwira neon molondola. Mukasintha onse 14, mboni zatha pakhomapo, zatsala zimene ife tikuganiza.

Mlangizi_J
Mkangano umenewu ndi umene uyenera kupita kwa abale ake. Mwawapeza, mayi Nthanda?

Nthanda
Ndapeza mwana wake wamkazi, ndamulembera dzulo. Wayankha mwachidule kuti sankadziwa kuti ntchitoyi ilipobe, ndipo kunyumba kuli makatoni a bambo ake amene sanawatsegulepo. Akuti ayang'ana kumapeto kwa mwezi.

WopindaGalasi
Mumuuze ayang'ane tizidutswa ta galasi tokulungidwa m'nyuzipepala kapena m'nsalu. Aliyense wogwira ntchito ndi neon amasunga zitsanzo za mitundu, nthawi zambiri ndi dzina la fakitale ndi nambala zitalembedwa pa tepi. Kachidutswa kamene kakhala mumdima zaka zonsezi osayatsidwa, ufa wake sunakalambe. Kakapezeka, a Msungi ndi ine tidzakhala ndi poyambira.

Chiwalitsiro
Ndavomera kuti pa khoma ili galasi lapambana. Koma "tidzaona" ya abwanayo ikundidetsa nkhawa kuposa pinki. Mayi, pemphani kuti machubu apadera apindidwe pompano, mmisiri akadali pa ntchito, chimodzi kapena ziwiri pa mtundu uliwonse wovuta, zilowe mu ndalama yokonzerayi. Ikani ndi wotchi yozimitsa yokha usiku anthu akaweruka.

MlondaWausiku
Wotchiyo musaitchere molawirira kwambiri chonde. Alonda amalowa 6 koloko madzulo. Muwasiyireko ola limodzi kapena awiri.

Nthanda
Ndalemba, bambo, izizima 9 koloko. A Kachipu, wowerenga kachipu uja wapezeka, akubwera Lachiwiri. Akufunsa ngati achotse kachipuko pa bolodi kapena atenge bokosi lonse.

Kachipu
Ayambe wajambula bolodiyo mbali zonse ziwiri, ndi waya aliyense pamene walowa. Ngati kachipuko kakhala pa soketi, akazule pang'onopang'ono ndi chozulira chake, aone mbali imene kuli kamphako kuti asadzakabwezere chozondoka. Ngati anakawotcherera pa bolodi, atenge bokosi lonse, asakatenthetse ali pamakwerero. Awerenge katatu, ndipo mafayilo atatuwo afanane ndendende. Akasiyana ngakhale pang'ono mundiuze musanayatse chilichonse.